Bokosi lakale lidzabweranso? Nkhani ya zikombole za timagalimoto ta pulasitiki

M'chaka cha 1977, sitima ya katundu yochokera ku New York kulowera ku Illinois, m'dziko la America, inachoka m'njanji. Mwa katundu amene inasenza munali zitsulo zolemera za kampani ya Aurora, yomwe inali itangosiya kupanga zidole za pulasitiki zochita kulumikiza n'kugulitsa zipangizo zake ku kampani inzake ya Monogram. Zitsulozo zinali zikombole. Zina zinawonongeka pangoziyo, ndipo zidole zimene zinkatuluka m'menemo sizinaonekenso m'sitolo. Papita zaka zoposa 45, koma mpaka lero munthu akafunsa chifukwa chimene chidole chakutichakuti cha Aurora chinasowera, salephera kupezeka wina woloza chala sitima ija. Kunena zoona, sitimayo imasenzetsedwa milandu yambiri kuposa imene inapalamula. Zikombole zochuluka zinafika bwinobwino, koma eni ake atsopano ataona kuti zina sizingabweze ndalama, anazigulitsa kwa ogula zitsulo zotha ntchito.

Amene amasunga nkhani zoterezi pamtima ndi anthu okonda kulumikiza timagalimoto. Ambiri ndi abambo oti imvi zayamba kale, a ku America, ku Britain, ku Germany, ku Japan ndi kwina. Munthu amagula bokosi, m'katimo n'kupezamo tizidutswa ta pulasitiki, nthawi zina toposa 100, todziphatika pa mafelemu ake. Amadula kamodzikamodzi, kupala, kupaka penti, kumata ndi guluu, mpaka patebulo pataima Chevrolet ya 1957 kapena Jaguar E-Type yokhala ndi injini, mipando ndi chiwongolero. Muyeso wotchuka ku America ndi 1:25, pomwe ku Ulaya ndi ku Japan amakonda 1:24. Pa muyeso wa 1:25, galimoto yotalika mamita 5 imasanduka kanthu ka masentimita 20.

Mabokosi atsopano amatuluka chaka chilichonse, ndipo ambiri ndi abwino kuposa akale m'njira iliyonse imene mungayezere. Komabe chimene chimawasowetsa tulo anthuwa ndi bokosi lakale, lija analiona pa shelefu ali ndi zaka 10 koma ndalama zinaperewera, kapena lija analigula n'kuliononga ndi guluu wambiri. Amalembera makalata ku makampani, amafunsa pa zionetsero, amayang'anitsitsa mndandanda wa zotuluka chaka chamawa. Funso lawo ndi limodzi: kodi lidzatulukanso liti? Yankho lake siligona pa chifundo cha kampani. Ligona m'nyumba zosungiramo katundu, mmene muli zitsulo zina zopakidwa girisi, zina zadzimbiri, zina zosadziwika n'komwe kuti n'zachiyani.

Woumba njerwa amadziwa kuti dothi si vuto, koma chikombole chikathyoka ntchito yaima. N'chimodzimodzi kufakitale ya timagalimoto. Pulasitiki wa mtundu wa polystyrene amabwera ngati timibulu, amasungunulidwa, kenako makina amamukankhira mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo cha mbali ziwiri. Pakangopita kanthawi kochepa chikombole chimatseguka, felemu ya tizidutswa n'kugwa. Pulasitikiyo ngwotchipa. Chodula ndi chitsulocho, chimene kale amisiri ankachisema miyezi yambiri potsatira chifanizo chachikulu chamtengo, ndipo chimalemera moti ponyamula pamafunika makina. Thupi la galimoto limafuna chikombole chovuta kwambiri, chokhala ndi mbali zoyenda, kuti zitseko, denga ndi mphuno zituluke pamodzi. Magalasi ali ndi chawo, matayala ali ndi chawo. Chimodzi chikasowa, bokosi lonse lafa.

Mmene zinayambira

Malonda amenewa anabadwira m'mashopu ogulitsa magalimoto enieni. M'chaka cha 1948, loya wina wa ku Michigan dzina lake West Gallogly anayambitsa kampani ya Aluminum Model Toys, imene aliyense amangoitchula kuti AMT. Inayamba ndi kagalimoto ka Ford ka aluminiyamu, koma posakhalitsa inasamukira ku pulasitiki. Ogulitsa magalimoto ankaika timagalimototi patebulo kuti kasitomala aone mitundu ya penti, ndipo mwana wa kasitomalayo ankapita nako kamodzi kunyumba. Makampani a magalimoto a ku Detroit ankaona zimenezi ngati njira yotsatsira malonda, choncho ankapereka mapulani a galimoto ya chaka chamawa mwachinsinsi, miyezi ingapo anthu asanaione.

M'chaka cha 1958 AMT inachita chinthu chimene chinasintha zonse. Inatenga zikombole zomwezo, n'kuika tizidutswa m'bokosi osalumikiza, n'kuwonjezamo tina tokongoletsera ndi zomata. Pabokosipo inalemba kuti muli magalimoto atatu m'modzi: mwana akhoza kupanga galimoto monga inatulukira kufakitale, kapena yokongoletsedwa mwa kufuna kwake, kapena yampikisano. Mtengo wake sunkafika madola awiri. Anyamata a ku America anachita kulimbirana. Revell ya ku California inalemba ntchito Ed Roth, katswiri wopanga magalimoto odabwitsa, AMT inagwirizana ndi katswiri mnzake George Barris, ndipo Monogram inadzatchuka ndi zojambula za Tom Daniel, makamaka Red Baron ya 1968. George Toteff anachoka ku AMT n'kukayambitsa kampani ya MPC. Zaka za m'ma 1960 zinali nyengo ya zokolola.

Koma m'chipambano chomwecho munali mbewu ya vuto la lero. Masiku amenewo makampani a ku Detroit ankasintha maonekedwe a galimoto chaka ndi chaka. Opanga timagalimoto sankaona chifukwa chosemera chitsulo chatsopano pomwe chakale chilipo. Ankatenga chikombole cha chaka chatha, kuwotcherera apa, kusema apo, mpaka galimoto ya 1963 itasanduka ya 1964, kenako ya 1965. Tanthauzo lake n'lakuti chikombole chimene chinatsala ndi cha chaka chomaliza chokha. Zaka zonse za m'mbuyo zinamezedwa m'chitsulo chomwecho. Munthu amene akupempha kuti amutulutsirenso ya 1963 akupempha chinthu chimene chinafufutidwa dala iye asanamalize sukulu ya pulayimale.

Zina zinaonongedwa mwa njira yopweteka kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, AMT inatenga zikombole za magalimoto angapo okalamba, monga Buick Skylark ya 1966 ndi Oldsmobile 88 ya 1965, n'kuzisandutsa magalimoto ampikisano wa pafumbi pansi pa dzina loti Modified Stockers. Anakuza malo a matayala, anafufuta zogwirira zitseko, mayina ndi mizere yonse yokongoletsa. Pa nthawiyo zinali zanzeru: ndani akanagula Oldsmobile ya banja ya zaka zisanu zapitazo? Sitingawaimbe mlandu amalonda a 1970 chifukwa cholephera kulosera mtima wa nkhalamba za 2020. Koma chitsulo chikasemedwa n'kuchotsedwa, kuchibwezeretsa n'kovuta, ndipo pamene ena anayesa kutero patapita zaka, okonda timagalimoto anaona msanga kuti mizere ina sinabwerere m'malo mwake.

Zitsulo zoyendayenda

Mitengo ya mafuta itakwera m'chaka cha 1973, pulasitiki naye anakwera. Makampani a magalimoto anachepetsa maoda a timagalimoto totsatsira malonda, ndipo posakhalitsa ana anapeza masewera a pa kanema ndi pa kompyuta. Makampani a zidole anayamba kugulana. AMT inagulidwa ndi Lesney, eni ake a zidole za Matchbox, m'chaka cha 1978, kenako inapita m'manja mwa Ertl ya ku Iowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. MPC nayo inatsatira komweko. M'chaka cha 1999 Ertl inagulidwa ndi Racing Champions, ndipo kuyambira 2008 mayina a AMT ndi MPC akuyendetsedwa ndi Round 2 ya ku South Bend, m'boma la Indiana. Revell ndi Monogram zinaphatikizana mu 1986. Kampani ya Hobbico, yomwe inali mwini wake, itagwa ndi ngongole mu 2018, dzina la Revell linapita kwa amalonda a ku Germany, pomwe zikombole zambiri zakale za Revell, Monogram ndi Aurora zinagulidwa ndi kakampani ka ku New York kotchedwa Atlantis.

Mayinawa atha kutopetsa, koma taganizani zimene kugulana kulikonse kumatanthauza kwa chitsulo. Chimakwezedwa m'lole, chimasamukira ku boma lina, ku Mexico, ku China. Mapepala olongosola kuti nambala yakuti ndi galimoto yakuti amasochera. Amisiri amene ankazidziwa ndi maso amapuma pa ntchito kapena kumwalira. Ku Britain kunachitika zoposa pamenepo: kampani ya Frog itatha m'zaka za m'ma 1970, zikombole zake zambiri za ndege zinagulitsidwa ku Soviet Union, kumene zinapitiriza kugwira ntchito m'mafakitale osiyanasiyana.

Bala limene silipola pakati pa okonda timagalimoto ta ku America ndi Jo-Han. Inali kampani yaing'ono ya ku Detroit, ya John Hanley, imene inkapanga magalimoto omwe anzake akuluakulu ankawanyalanyaza: Cadillac, Rambler, Plymouth, Oldsmobile Toronado, ngakhalenso ambulansi ndi galimoto yonyamula maliro ya Cadillac ya 1966. Matupi a timagalimoto take amatamandidwa mpaka lero kuti anali olondola kuposa a wina aliyense wa nthawi imeneyo. Kampaniyo inagulitsidwa mu 1991, inafooka pang'onopang'ono, ndipo zikombole zake zambiri zinasowa kapena kutsala zopereweza. Chopweteka kwambiri ndi Chrysler Turbine Car. Galimoto yeniyeniyo, yoyendera injini yofanana ndi ya ndege, inapangidwa 55 yokha. Chrysler inabwereketsa 50 kwa mabanja wamba pakati pa 1963 ndi 1966 kuti aiyese, kenako inaphwanya pafupifupi onse, n'kutsala asanu ndi anayi. Kwa zaka zambiri, njira yokhayo yoti munthu wamba akhale ndi galimoto imeneyi inali bokosi la Jo-Han, lomwe linali ndi zitseko zotseguka ndi tizidutswa tosawerengeka. Lero bokosilo nalo lasanduka chinthu chosakasaka.

Wosunga ndi womanga

Bokosi likasiya kutuluka, mtengo wa otsala umakwera. Pa eBay ndi m'misika ya zidole zakale, bokosi limene linkagulidwa ndi ndalama za m'thumba la mwana limatha kufika madola mazana angapo, makamaka ngati silinatsegulidwepo. Apa mpamene anthu a chikondi chimodzi amagawanika pawiri. Pali wosunga, amene chuma chake ndi pepala lonyezimira lokutira bokosi. Pali womanga, amene zala zake zimayabwa akaona tizidutswa tili pa felemu. Kampani ikalengeza kuti bokosi lakale likubweranso, womanga amavina, wosunga amawerengera zimene wataya.

Ine ndili mbali ya womanga, ndipo chifukwa changa si cha mtima wokha. Bokosi lotsekedwa silisunga zam'kati mwake monga mmene eni ake amaganizira. Matayala akale ankapangidwa ndi vinyl wofewa, ndipo mankhwala omufewetsawo amadya polystyrene. Tayala likagona pa galasi kapena pa boneti kwa zaka 40, limasiya chipsera chozungulira chonga chopsa ndi moto. Zomata zimachita chikasu, ndipo zikaviikidwa m'madzi zimaphwanyikaphwanyika. Kunyezimira kwa mabampala, komwe ndi kansalu kopyapyala ka aluminiyamu, kumazilala. Denga likapanikizika m'bokosi, timizati take timapindika. Munthu atha kulipira ndalama za lendi ya mwezi pogula bokosi, m'kati muli matenda amene sadzawaona chifukwa sadzatsegula.

Omanga amene sangakwanitse mitengo imeneyo anapeza njira ina. Amagula timagalimoto tomwe ana a 1965 anatimanga kale, todzaza guluu, topakidwa penti ndi bulashi yokhuthala, tina topanda tayala limodzi. Amatiika mufiriji kuti guluu wakale aphwanyike, amativiika m'mankhwala osukusula penti, amadzaza mabowo, amasaka bampala losowa kwa anzawo. Ntchito yake imatenga miyezi. Pamapeto pake kagalimoto kamene mwana anakaononga m'madzulo amodzi kamaoneka monga mwanayo ankakaonera m'maloto.

Kumanga bwino kumafuna kuleza mtima kwa mtundu wake. Mzere umene mbali ziwiri za chikombole zinakumana uyenera kupalidwa. Penti amathiridwa pang'onopang'ono, kudikira aume, kupala ndi sandipepa wosalala, kuthiranso, kenako kupukuta mpaka awale. Mizere yasiliva ya m'mbali mwa galimoto imakutidwa ndi kapepala kachitsulo kopyapyala kotchedwa Bare-Metal Foil, kodulidwa ndi mpeni watsopano, dzanja lisakunjenjemera. Ena amafika poika mawaya a mapulagi pa injini yaing'ono kuposa chala chamanthu. Guluu wake samata monga amamatira wa mapepala: amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zigwirane, n'chifukwa chake dontho limodzi pagalasi ndi maliro.

Pamene pempho layankhidwa

Tinene chilungamo: bokosi lakale likabweranso, ena amakhumudwa. Chikombole cha zaka 60 chimakhala chitatopa. Pulasitiki amatulukira m'mphepete n'kusiya zipsepse zofunika kudula. Pansi pa galimoto pamakhala chidutswa chimodzi chophwatalala, ekizozi ndi masipuling'i zongojambulidwa pomwepo, matayala olumikizidwa ndi kawaya kodutsa m'kati mwa injini. Wachinyamata amene anazolowera za Tamiya amadabwa kuti akuluakuluwa ankalirira chiyani.

Kudabwa kwakeko kuli ndi maziko. Tamiya, ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, inayamba mu 1946 ngati kampani yocheka matabwa, ndipo inadzakweza muyezo wa ntchito yonseyi. Pokonzekera Porsche 934 ya muyeso wa 1:12 yomwe inatuluka mu 1976, Shunsaku Tamiya anagula Porsche 911 yeniyeni, antchito ake n'kuimasula yonse kuti ayeze chilichonse. Tizidutswa ta Tamiya timalowana popanda kulimbana nato. Dera lomwelo ndi kwawonso kwa Hasegawa, Aoshima ndi Fujimi, ndipo chionetsero cha kumeneko cha mwezi wa May ndi kumene anthu amamvera zatsopano ndi zobwereranso. Komabe Tamiya sinapangepo Rambler, ndipo sidzapanga ubwana wa munthu wa ku Ohio.

Makampani anazindikira kuti chimene akugulitsa ndi chikumbutso, choncho bokosi lenilenilo ndi theka la malonda. Round 2 imabwezeretsa zithunzi zakale za pabokosi, kutsegula timipata ta chikombole tomwe tinatsekedwa kuti tizidutswa toiwalika titulukenso, n'kuikamo zomata ndi matayala abwino kuposa oyamba. Airfix ya ku Britain, yomwe chidole chake choyamba cholumikiza chinali thirakitala ya Ferguson mu 1949 ndipo ili m'manja mwa Hornby kuyambira 2006, inayambitsa gulu la Vintage Classics mu 2018. Mabokosi ake ambiri ali ndi zojambula za Roy Cross, ndipo amalembapo chaka chimene chikombole chinasemedwa, kuti wogula adziwiretu kuti akugula nkhalamba. Bentley yaikulu ya muyeso wa 1:12, imene inatuluka koyamba mu 1971, inabwerera kudzera m'njira imeneyi.

Chitsulo chikapezeka, pamatsala maloya. Kale makampani a magalimoto ankasangalala kuona dzina lawo pa chidole. Lero dzina la galimoto, la tayala, la mafuta ndi la woyendetsa, lililonse limafuna chilolezo ndi malipiro ake. N'chifukwa chake mabokosi ena anabwerera ndi matayala opanda dzina m'mbali. Magalimoto ampikisano a Lotus ndi McLaren, amene anatchuka atavala mayina a fodya a John Player Special ndi Marlboro, amatuluka opanda mayinawo chifukwa cha malamulo oletsa kutsatsa fodya, ndipo omanga amakagula zomata zake padera kwa timakampani ting'onoting'ono. Dodge Charger ya 1969 ya mu sewero la pa TV la The Dukes of Hazzard inali imodzi mwa mabokosi a MPC oyenda malonda koposa. Mu 2015 Warner Bros., eni ake a sewerolo, inasiya kupereka chilolezo cha zidole zokhala ndi mbendera ya Confederate yomwe inali padenga la galimotoyo, mbendera imene anthu ambiri amaiona ngati chizindikiro cha ukapolo ndi tsankho. Chikombole chilipo, galimoto imatuluka, koma ndi dzina lina ndi denga lopanda mbendera.

Chosintha chachikulu cha zaka zaposachedwa n'chakuti chikombole chosowa sichikutanthauzanso imfa. Round 2 inayamba kutenga bokosi lakale losamangidwa, kuliyeza ndi makina ojambula mbali zonse, kukonza zolakwika pa kompyuta, n'kusema chitsulo chatsopano. Chevy II Nova ya 1963 ya mtundu wa station wagon, imene chikombole chake chinasandutsidwa galimoto yampikisano kalekale, inabwerera motere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. Dodge Coronet ya 1968 ndi Dodge Demon ya 1971, zimene anthu anazipempha zaka makumi, zinatsatira. Kodi chimenechi ndi kubwerera kwa chakale kapena ndi chatsopano chovala malaya akale? Osunga amati ndi chatsopano, poteteza mtengo wa mabokosi awo. Omanga alibe nazo ntchito, bola guluu agwire.

Si galimoto iliyonse imene idzapeze mwayi umenewu, chifukwa chitsulo chatsopano chimafuna ogula masauzande. Zotsalazo zili m'manja mwa anthu ogwirira ntchito m'magalaja a kunyumba kwawo, amene amaumba matupi a resin ochepaochepa, ndiponso a makina osindikiza zinthu a 3D, amene amagulitsa fayilo pa intaneti kuti wogula akadzisindikizire yekha.

Magalimoto amene anayenda m'misewu ya kuno kwathu nawo ali ndi malo awo pa mashelefu amenewa, ngakhale ndi ochepa. Italeri ya ku Italy imatulutsanso Land Rover 109 ndi Toyota Land Cruiser BJ44 kuchokera m'zikombole zakale za kampani ya ESCI, ndipo Revell inasema Land Rover Series III yatsopano mu 2019. Hasegawa inapanga Nissan Sunny Truck, yomwe ndi kapikapu kaja kanapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka 2008 pansi pa dzina la Nissan 1400. Ya m'bokosi ndi ya msika wa ku Japan. Ya ku South Africa ya zaka zomalizira inali ndi denga lokwererapo, choncho wofuna imene ankaiona itasenza matumba ndi anthu ayenera kudula timizati ta denga, kuwonjezera pulasitiki ndi kukonzanso magalasi kuti akwanire.